Bambo Angelo Secchi, Wansembe Wowerenga Kuwala kwa Nyenyezi

Munthu woima pa mlatho wa Shire ku Zalewa usiku wopanda mwezi, mitambo itakanganuka, akapenya kumwera amaona timitambo tiwiri totuwa tili patokha, pambali pa Mlalang'amba. Timitamboti mphepo siititenga, ndipo sitidagwetsepo mvula chiyambire. Kunena zoona si mitambo ai, koma ndi magulu awiri a nyenyezi zosawerengeka, akutali zedi, amene akatswiri amawatcha Mitambo ya Magellan. M'gulu lalikulu la awiriwo mudaoneka nyenyezi yachilendo pa 24 Febuluwale 1987. Nyenyezi ina yaikulu idafika pa mathero a moyo wake niphulika, ndipo kuphulika kotereku akatswiri amakutcha supanova. Kwa miyezi ingapo nyenyeziyo inkaoneka ndi maso chabe m'maiko a kumwera, ndi ku Malawi komwe.

Pasadapite masiku, akatswiri adadziwa mpweya umene udali m'nyenyeziyo ndi liwiro limene zidutswa zake zinkathamanga nalo, chonsecho panalibe munthu wofikako. Zonsezi adaziwerenga m'kuwala kwake. Mmodzi wa anthu oyamba kuphunzitsa dziko kawerengedwe kameneka adali wansembe wa m'Chipani cha Yezu, Bambo Angelo Secchi, amene adamwalira zaka 109 nyenyeziyo isadaoneke. Mbiri yake ndi iyi.

Mwana wa mmisiri

Angelo Secchi adabadwa mu Juni 1818 mu mzinda wa Reggio Emilia, kumpoto kwa Italy. Bambo wake adali mmisiri wa matabwa, ntchito yomwe ija ya Yosefe Woyera, ndipo mwanayo adakula ndi manja odziwa kugwira zipangizo. Makolo ake adamtumiza ku sukulu ya Ajezuiti ya mumzindamo, ndipo pa 3 Novembala 1833, ali ndi zaka 15, adalowa m'chipani chao ku Roma. Adaphunzira pa sukulu yao yaikulu ya Collegio Romano, kumene akuluakulu ake adaona msanga kuti mnyamatayo adali ndi mutu wa masamu. Mu 1841 adamtuma ku Loreto kukaphunzitsa za mphamvu za chilengedwe, monga kutentha, kuwala ndi magetsi. Atabwerera ku Roma kukatsiriza maphunziro a za Mulungu, adalandira unsembe pa 12 Seputembala 1847.

Wansembe watsopanoyo sadakhalitse mumtendere. Mu 1848 chipolowe chidabuka m'maiko ambiri a ku Ulaya, ndipo ku Roma anthu oukira boma adada Ajezuiti kwambiri, kotero kuti ansembewo adatuluka mumzindamo. Papa Pius IX yemwe adathawira ku Gaeta kumapeto kwa chakacho. Bambo Secchi adapita ku Stonyhurst ku England, nawolokanso nyanja kunka ku sukulu ya Ajezuiti ya Georgetown, pafupi ndi Washington ku America. Ulendo wothawawu udasanduka sukulu. Ku Georgetown adagwira ntchito m'nyumba yoonera nyenyezi, ndipo ku Washington adadziwana ndi Matthew Fontaine Maury, katswiri wa mphepo ndi mafunde a m'nyanja, amene adamkopa mtima pa nkhani za nyengo.

M'masiku omwewo Bambo Francesco de Vico, amene adali mkulu wa nyumba yoonera nyenyezi ya Collegio Romano, adamwalira ku London ali wothawa. Mtendere utabwerera, Bambo Secchi adafika ku Roma mu 1849, ndipo mu 1850 adalowa m'malo mwa malemuyo, ali ndi zaka 32.

Nyumba pamwamba pa tchalitchi

Nyumba imene adaipeza idali pa nsanja yogwedezeka, ndipo telesikopu, ndiye kuti chipangizo cha magalasi choonera zakutali, siifuna kugwedezeka ngakhale pang'ono. Bambo Secchi adayang'ana tchalitchi cha Sant'Ignazio, chogundana ndi sukuluyo. Amisiri akale adaimikamo mizati inai yaikulu kuti isenze denga lozungulira lamiyala, koma dengalo silidamangidwe konse, ndipo mizatiyo idakhala zaka mazana awiri yopanda katundu wake. Pa mizati imeneyi Bambo Secchi adamangapo nyumba yatsopano yoonera nyenyezi mu 1852 ndi 1853. Adaikamo telesikopu yopangidwa ndi amisiri a Merz a ku Munich, ya galasi la masentimita 24 m'mimba mwake. Ndalama zake zidachokera kwa Papa Pius IX ndi kwa mthandizi wake, Bambo Paolo Rosa, amene adapereka chuma cha kwao. Motero pansi ansembe ankapereka nsembe ya Misa, ndipo pamwamba pa denga lomwelo wansembe mnzao ankachezera usiku ndi nyenyezi.

Masiku amenewo akatswiri a zakuthambo ankasamala makamaka funso limodzi, lakuti nyenyezi ili pati ndipo ikuyenda bwanji. Funso lakuti nyenyezi idapangidwa ndi chiani linkaoneka lopanda yankho. Mu 1835 munthu wanzeru wa ku France, Auguste Comte, adalemba kuti anthu sadzadziwa konse zimenezi mpaka muyaya. Koma yankho lidali m'kuwala kumene kumafika m'maso mwa munthu aliyense.

Utawaleza wa nyenyezi

Aliyense adaonapo utawaleza, pamene kuwala kwa dzuwa kupyola m'madontho a mvula nikugawika m'mitundu, kuyambira kofiira mpaka kwa buluu. Galasi la ngodya zitatu limachita chimodzimodzi. Mu 1814 mmisiri wa magalasi wa ku Germany, Joseph Fraunhofer, adapenyetsetsa utawaleza wotere wa dzuwa napezamo timizere takuda mazanamazana, tokhala pa malo ake osasintha. Tanthauzo la timizereti lidadziwika mu 1859 ndi 1860, pamene Gustav Kirchhoff ndi Robert Bunsen adasonyeza kuti chinthu chilichonse chikatenthedwa nkusanduka mpweya, chimakhala ndi timizere take take, monga munthu ali ndi zidindo za zala zake.

Amai ophika pa mafuwa amaona mbali ya zimenezi osadziwa. Msuzi wamchere ukatayikira pamoto, lawi limasanduka lachikasu, chifukwa mumchere muli chinthu chotchedwa sodiyamu, ndipo chikasu chimenecho ndicho chizindikiro chake. Chitsulo chili ndi timizere take, haidirojeni, mpweya wopepuka koposa wonse, ali ndi take. Tsono ngati timizere ta chitsulo tioneka mu utawaleza wa dzuwa, ndiye kuti m'dzuwamo muli chitsulo.

Bambo Secchi adamangirira magalasi a ngodya zitatu ku telesikopu yake, ndipo kuyambira 1862 adayamba kugawa kuwala kwa nyenyezi imodzi imodzi. Ntchitoyi idali yowawitsa maso. Utawaleza wa nyenyezi ndi kamzere kozilala, kophethiraphethira ndi mpweya wa usiku, ndipo masiku amenewo kunalibe njira yabwino youjambulira ndi kamera. Munthu ankayenera kudikira mpweya udekhe, kuyang'ana, kuyesa malo a timizere, ndi kulemba ndi dzanja. Akale adati kuona maso a nkhono nkudekha. Ku London katswiri wina, William Huggins, ankachita ntchito yomweyi, koma iye adasankha nyenyezi zowerengeka naziphunzira mozama. Bambo Secchi adatsata njira ina: adafuna kudziwa ngati nyenyezi iliyonse ili ndi mtundu wake wake, kapena ngati zili ndi mafuko monga anthu. Kuti ayankhe funsoli adapenya nyenyezi pafupifupi 4,000.

Adapeza kuti mafuko alipo, ndipo ndi owerengeka. Mu 1866 adalongosola magulu atatu, ndipo mu 1868 adaonjezapo lachinai. Gulu loyamba ndi la nyenyezi zoyera ndi zabuluu, monga Sirius, yowala koposa zonse za usiku, zimene zili ndi timizere tochindikala ta haidirojeni. Lachiwiri ndi la nyenyezi zachikasu, monga Capella ndi dzuwa lomwe, zodzaza ndi timizere tating'ono ta zitsulo. Lachitatu ndi la zofiirira, monga Betelgeuse ndi Antares, zimene utawaleza wake uli ndi mipata yotakata yakuda. Lachinai ndi la nyenyezi zofiira kwambiri ndi zozilala, ndipo m'menemo Bambo Secchi adazindikiramo kaboni, chinthu chomwe chija chili m'makala ophikira. Mu 1866 adaonanso kuti nyenyezi ya Gamma Cassiopeiae ili ndi mzere wowala pamalo pamene zinzake zili ndi wakuda, ndipo pambuyo pake nyenyezi zotere adaziika pagulu lachisanu.

Adaganizanso kuti kusiyana kwa mitundu kumatsata kutentha, ndipo adalondola. Wosula makasu amadziwa kuti chitsulo pa mvukuto chimayamba kufiira, kenaka chimachita chikasu, ndipo chikatenthetsa chimayera. Nyenyezi zilinso chimodzimodzi: zofiira ndizo zozizirirapo, zoyera ndi zabuluu ndizo zotentha koposa. Pa ntchito yonseyi padatuluka mfundo ziwiri zazikulu, yakuti dzuwa ndi nyenyezi monga zinzake, ndi yakuti zakuthambo zidapangidwa ndi zinthu zomwe zija zili pansi pano.

Ntchito zina

Dzuwa lomwe adaliphunzira masiku onse a moyo wake. Pa kadamsana wa pa 18 Julayi 1860 adapita ku Spain najambula malawi ofiira amene amaoneka m'mphepete mwa dzuwa mwezi ukaliphimba. Zithunzi zake atazilinganiza ndi za Warren De la Rue, amene adajambula pa malo ena a dziko lomwelo, zidatsimikiza kuti malawiwo ndi a dzuwa, osati a mwezi. Buku lake lonena za dzuwa, Le Soleil, lidatuluka mu 1870, ndipo lonena za nyenyezi, Le Stelle, mu 1877.

Sadaiwalenso zosowa za anthu wamba. Adayambitsa ntchito yotumiza mbiri ya nyengo pa lamya m'maiko a Papa, kuti amalinyero achenjezedwe namondwe asadafike. Adapereka uphungu pa zobweretsa madzi akumwa m'midzi ndi pa nyali zotsogolera zombo. Adapanga makina olemba okha mphepo, mvula, kutentha ndi kulemera kwa mpweya, ndipo makinawo adapata mphoto yaikulu pa chionetsero cha ku Paris mu 1867, pamene mfumu Napoleon III idampatsa ulemu wa dziko la France. Mu 1865, ali m'chombo cha Papa, adayesa kuyera kwa madzi a m'nyanja pomiza mbale yoyera yomangidwa ku chingwe, nayesa kuzama kumene mbaleyo ileka kuoneka. Mbale yotereyi idatenga dzina lake, ndipo akatswiri ofufuza za madzi adaimizanso m'Nyanja ya Malawi.

Pakati pa miyala iwiri

Ulemu wonsewu sudamtchinjirize ku mavuto. Anthu odana ndi Eklezia ankanyansidwa kuona kuti katswiri wotchuka koposa wa zakuthambo mu Italy adali Mjezuiti. Mbali inai, Akatolika ena adamkayikira chifukwa cha buku lake la mu 1864, lofotokoza kuti kutentha, kuwala ndi magetsi zili ndi gwero limodzi m'kuyenda kwa tizidutswa tosaoneka ta zinthu. Iwo ankaopa kuti chiphunzitso chotere chidzachotsa Mulungu m'chilengedwe. Bambo Secchi sadasiye kufufuza pofuna kukondweretsa awa, ndiponso sadavule mkanjo pofuna kukondweretsa awo.

Chiyeso chachikulu chidafika pa 20 Seputembala 1870, pamene asilikali a ufumu wa Italy adalowa mu Roma nathetsa ulamuliro wa Papa pa mzindawo. Boma latsopano lidafuna kuti munthu wotchuka chotere akhale wake, ndipo lidamlonjeza maudindo apamwamba a maphunziro ndi a dziko. Kwa munthu wokonda ntchito yake malonjezowa sadali chinthu chochepa, pakuti boma ndilo lidali ndi ndalama zogulira zipangizo, pamene Ajezuiti ankalandidwa nyumba zao. Koma mtengo wake udali wakuti aoneke ngati wataya Papa nthawi imene Papayo adali m'masautso, ndipo potsiriza iye adakana. Mu 1873 boma lidatenga Collegio Romano ndi kubalalitsa ansembe anzake. Litafuna kutenganso nyumba yoonera nyenyezi, Bambo Secchi adatsutsa kolimba, ndipo popeza maiko ena adali okonzeka kumlandira, boma lidaopa manyazi nilimsiya pa ntchito yake.

Chonsecho iye sadasunge chidani ndi akatswiri a mbali inayo. Mu 1871 adakhazikitsa bungwe la ofufuza utawaleza wa dzuwa pamodzi ndi Pietro Tacchini wa ku Palermo, amene ankagwira ntchito ya boma, ndipo awiriwo ankagawana masiku openyera dzuwa ndi kutumizirana zimene apeza. Zaka zotsiriza adazitha ali wosungulumwa, ndalama zili zochepa, thupi likufooka ndi nthenda ya m'mimba. Adamwalira ku Roma pa 26 Febuluwale 1878, ali ndi zaka 59, patangopita masiku 19 chimwalirire Papa Pius IX. Chaka chotsatira boma lidatenga nyumba yake yoonera nyenyezi niliika m'manja mwa Tacchini. Mu 1891 Papa Leo XIII adakhazikitsanso nyumba yotere ya Eklezia ku Vatican.

Zipatso za ntchito yake

Bambo Secchi sadaone supanova ndi maso ake. Yoyamba kuoneka kunja kwa Mlalang'amba idatulukira mu Ogasiti 1885 m'gulu la nyenyezi la Andromeda, zaka 7 iye atamwalira, ndipo Ernst Hartwig wa ku Dorpat ndiye adailengeza. Akatswiri adapenya utawaleza wake koma sadaumvetse, pakuti pa nthawiyo sankadziwa kutalika kwa Andromeda. M'zaka za m'ma 1930 Walter Baade ndi Fritz Zwicky adasonyeza kuti kuphulika kotere ndi kwa mtundu wake wake, kwamphamvu koposa, ndipo mu 1941 Rudolph Minkowski adagawa ma supanova m'magulu awiri: opanda timizere ta haidirojeni ndi okhala nato. Njira yake idali yomwe ija ya pa denga la Sant'Ignazio, ndiyo kusonkhanitsa mautawaleza, kuwalinganiza ndi kuwaika m'mafuko.

Njirayi idaonetsa mphamvu zake zonse mu 1987. Usiku wa pa 23 kucha wa pa 24 Febuluwale, Ian Shelton ndi Oscar Duhalde adaiona nyenyezi yachilendo ija ali ku Las Campanas ku Chile, ndipo Albert Jones adaionanso ku New Zealand. Chiyambire 1604 kudali kusadaoneke supanova yowala chotere. Kuwala kumathamanga makilomita 300,000 pa sekondi, ndipo kwa dzuwa kumafika pansi pano pa mphindi 8, koma kwa nyenyezi imeneyi kudali pa ulendo zaka pafupifupi 168,000. Popeza Mitambo ya Magellan imaoneka bwino kumwera kokha, ntchito yaikulu idagwera akatswiri a ku Chile, Australia ndi South Africa. A ku Sutherland, m'chipululu cha Karoo, adayesa kuwala kwake ndi kujambula utawaleza wake usiku ndi usiku kuyambira masiku oyamba.

Utawaleza udasonyeza timizere ta haidirojeni, motero supanovayo idali ya gulu lachiwiri, ndiye kuti nyenyezi yolemera imene mtima wake udagwa mkati mafuta ake atatha. Timizereto tidali titasuntha pa malo ake. Monga lipenga la galimoto limamveka lokwera galimotoyo ikamadza ndi lotsika ikapitirira, kuwala nakonso kumasunthira ku buluu ngati chinthu chowalacho chikuyandikira. Bambo Secchi adayesapo kupima kusuntha kotereku pa nyenyezi, koma zipangizo za masiku ake zidachepa mphamvu. Mu 1987 kusunthako kudasonyeza kuti mpweya wa nyenyeziyo unkathamanga makilomita oposa 15,000 pa sekondi. Zithunzi zakale za malowo zidaululanso chodabwitsa. Akatswiri ankayembekeza kuti nyenyezi yophulika chotere ikhale yofiira ngati Betelgeuse, ya gulu lachitatu la Secchi, koma iyi idali yabuluu, ya mbali ya gulu loyamba, ndipo adayenera kukonza chiphunzitso chao.

Kuyesa kuwala kudaphunzitsa chinthu china. Nyenyeziyo idanka niwalirawalira mpaka mwezi wa Meyi, nthawi imene mvula imakhala itatha m'chigwa cha Shire ndipo thambo limayera madzulo. Pambuyo pake idayamba kuzilala mwa dongosolo, motsata kawonongekedwe ka chinthu chotchedwa kobalti, chimene mtundu wake wina umachepa ndi theka pa masiku 77 aliwonse nusanduka chitsulo. Powerenga kazilalidweka akatswiri adapeza kuti kuphulikako kudasula chitsulo cholemera koposa dziko lapansi ka 20,000. Umenewu udali umboni wooneka wakuti chitsulo chimasulidwa m'nyenyezi zophulika, nichimwazika m'thambo. Chitsulo cha khasu la m'munda ndi cha m'magazi a munthu wolima nalo chidachokera ku ng'anjo zotere, dzuwa ndi dziko zisadakhalepo.

Dzina la Secchi lidapatsidwa kwa chigwa china cha pa mwezi ndi china cha pa Mars. Nyenyezi ya mu 1987 idazilala kalekale, ndipo siionekanso ndi maso, koma timitambo tiwiri tija tikadalipo kumwera kwa Zalewa, ndipo timakwera pamwamba madzulo a miyezi ya dzinja. Mphunzitsi wa katekisimu amakumana nalo kawirikawiri funso la ana obwera ku sukulu zapamwamba, lakuti kodi munthu wodziwa za chilengedwe angathe kukhalabe mkristu. Mwana wotere nkoyenera kumtulutsa panja usiku, kumlozera timitamboto, ndi kumfotokozera za mwana wa mmisiri wa ku Reggio Emilia, amene ankapenya nyenyezi pamwamba pa tchalitchi ndi kupereka Misa m'mawa mwake, ndipo atauzidwa kuti asankhe chimodzi, adasunga zonse ziwiri mpaka imfa.